Nthochi ya Kuseri kwa Khola

Mlongo wanga anapita ku Joni chaka chimene kachewere anatiwolera m'munda. Anati akagwira ntchito pang'ono n'kubwerako. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse, kenaka mwa apo ndi apo, kenaka zii.

Patapita zaka, bambo wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene anali atangobwera kuchokera komweko, anafika kudzatipepesa. Anati anamva kuti mlongo wanga anali m'gulu la anthu amene mgodi wakale unawagumukira. Mtembo sanauone. Anangomva.

Kwathu kuno munthu akafera kutali mtembo osapezeka, timadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti anthu alire, maliro athe. M'mawa mwake malume anafika chikwanje chili m'manja, n'kulunjika pa nthochi ya kuseri kwa khola. Amayi anakaima patsogolo pawo.

"Achimwene, mwana wanga simumuika chifukwa cha mphekesera," anatero amayi.

"Mlongo wanga, ukudzizunza. Ulire, mtima ukhale pansi," anayankha malume.

"Amene anamuona atafa abwere adzandiuze. Apo ayi, bwezani chikwanjecho."

Malume anabwerera akupukusa mutu. Ine ndinali mbali ya malume, sindibisa. Ndinkafuna maliro. Ndinkafuna kulira kamodzi mokweza, azimayi andigwire, zithe. Koma kulira kwa pakhomo pathu kunali kwa tsiku ndi tsiku, kopanda nyimbo, kopanda wodzakhala nafe pamphasa.

Mwezi wa Novembala, akhristu ku parishi ya Nzama akamapereka maina a abale awo omwalira kuti apemphereredwe pa Misa, amayi ankapereka la bambo lokha. Mlongo wanga ankamutchula popempherera apaulendo. Aa! Ulendo wanji wosatha? Tsiku lina tikuchokera ku tchalitchi ndinaphulika panjira.

"Amayi, Mulungu wanuyo akanakhala womva, bwenzi atayankha kalekale! Maondo anu anachita kuda ndi kugwada pachabe."

Sanandikalipire. Anangoti, "Fulumira, mvula ikubwera." Apo m'pamene ndinapsa mtima zenizeni, chifukwa ndinkafuna munthu wokangana naye.

Akapita ku Boma kukagulitsa kachewere, ankachedwa pasiteji, kuyang'ana nkhope za anthu otsika mabasi a ku Joni. Anyamata a kabaza anawazolowera, ena ankawaseka kuti agogo odikira basi yosafika. Ine ndinkachita manyazi, ndinkaima patali ngati si amayi anga.

Chaka chatha, pa nthawi yokolola, amayi anadwala. Anagonekedwa ku chipatala cha pa Boma, n'kuwonda mpaka kutsala mafupa okhaokha. Masana ena ndikuwamwetsa phala, anakankha supuni n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, ine ndikupita. Ngati mlongo wako anatsogola, ndikamupeza. Ngati sanatsogole, ndikamudikira komweko. Kudikira ndinazolowera."

Mtima ukundiwawa ndinafunsa, "Nanga zaka zonsezi Mulungu wakuyankhani chiyani?"

"Sanandiyankhe. Koma sanandiuzenso kuti ndisiye." Anapumira kaye m'mwamba. "Za nthochi zija usadzalole. Mwana asadzafike pakhomo n'kupeza manda ake."

Anamwalira sabata yomweyo.

Tsiku la maliro malume anandiitanira pambali. Anali atakalamba, ankalankhula mofatsa, misozi ili m'maso. Anati popeza anthu asonkhana kale, adzukulu akumbe manda awiri, mayi ndi mwana agone moyandikana, nkhani ithere pomwepo. Anali mawu anzeru, ndipo ndi zomwe ine ndinkafuna zaka zonse zija. Woletsa panalibenso. M'nyumba munali nyimbo, ndipo chikwanje chinali chotsamira khola.

Sindinganame kuti ndinkakhulupirira zoti mlongo wanga ali moyo. Mpaka lero sindidziwa. Ndikagwada kuti ndipemphere, nthawi zina ndimadzuka ndisanapemphe kanthu. Koma tsiku limenelo ndinadzimva ndikunena kuti:

"Malume, auzeni adzukulu akumbe amodzi."

Anapita kukawauza.

Novembala wathayu ndinapita ndekha ku Nzama. Ndinapereka maina awiri, la bambo ndi la amayi.