Lenzi Yosaona Pafupi

Kubwalo la mpira ankawatchula a Disolimodzi, poti diso lawo lamanzere linkakhala chotsinzina, lamanja lili pa kamera. Moyo wawo wonse unathera kuseri kwa golo ndi m'nkhalango, kujambula osewera ndi nyama. Chida chawo chinali lenzi yaitali ngati mkono wa munthu. Ukangoiyamikira, ndiye kuti wadziputira nkhani yosatha.

"Nyama siidikira, wosewera sadikira," ankatero. "Gula yoona kutali, yofulumira. Zinazi n'zidole."

Lenziyo inali yolemera, ndipo manja awo atayamba kunjenjemera, akazi awo ndi amene ankaima pambali n'kuwagwirira chigongono. Kaya dzuwa kaya mvula, mayiwo ali pomwepo, chikwama paphewa. Mpirawo sankaukonda n'komwe.

Mayi aja anadwala, mpaka adokotala ananena kuti angopita nawo kunyumba. Mwana wawo wamkazi anapempha chithunzi cha amayi ake choti akapachike kwake. A Disolimodzi anakhuthulira pansi makatoni onse. Munali njovu, ziwombankhanga, agoloboyi ali m'malere, koma akazi awo munalibe. Lenzi ija sinkajambula chinthu chapafupi, ndipo mayiwo zaka zonsezo ankaima pafupi. Bambowo mtima unawawa, anachita manyazi pamaso pa mwana wawo.

Mwanayo anatulutsa foni, koma amayi ake anapukusa mutu pa pilo. "Ine ndinakwatiwa ndi wojambula," anatero.

Bambowo anayesa ndi lenzi yawo yomweyo. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, koma nkhope inkangooneka mbuu. Chipindacho chinachepa.

Kutacha anaikulunga lenziyo m'thaulo n'kupita nayo kusitolo ya makamera.

"Tisinthane. Mundipatse yaifupi."

"Mwaganiza bwino, bambo?" anafunsa wogulitsa. "Ndi yaifupi mbalame izioneka ngati kadontho. Mpira ndiye mungoiwala."

"Amene ndikukamujambula sathamanga."

Atafika kunyumba anatsegula katani kuti kuwala kulowe. Akazi awo anayang'ana kalenzi kaja n'kumwetulira.

"Mkazi wamkulu uja mwamusiya kuti?"

"Ndamusudzula, mayi."

"Mwachedwa nazo. Senderani kuno."

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kukweza kamera. Manja anayamba zawo zija, nkhope ya mayiwo ikungovina m'galasi. Anayesa kugwira mpweya, osathandiza. Mayiwo anatambasula mkono wawo wowonda uja n'kugwira chigongono, pamalo pomwe ankagwira nthawi zonse. Kunjenjemera kunaleka, ndipo bambowo anadina.

Chithunzicho chili pakhoma kwa mwana wawo. Mkono wa malemuwo umaoneka ukutulukira m'mphepete mwa chithunzi, ndipo alendo ena amati wojambulayo anaphonya. A Disolimodzi amangowamvera. Kubwalo sanapondekonso. Anzawo akawafunsa, amati alibe lenzi, koma amene ankawaona kuseri kwa golo amadziwa chimene alibe.