Baghdad m'Pepala la Mtedza

"Ndiye mwagulitsa kwa ndani?"

"Ine ndimafunsa maina? Munthu wabwera, ndamukulungira mtedza wake, wapita." Abiti Ibrahimu sanadzutse n'komwe mutu pa lichero. "Inuyo dzulo munali kuti?"

"Kumaliro ku Lungwena. Ndinakuuzani."

"Manyuzi anandithera, Che Zubair. Ndikanamuthirira m'manja?"

Che Zubair anayang'ana buku lopanda chikuto lomwe linapsinjidwa ndi mwala pambali pa lichero. Pamwamba panali tsamba 215. Iwo kunyumba analekezera pa 212. Pepala limodzi lapakati, lomwe ankalidikira ndi mtima wonse, linali litapita ndi munthu wina.

Che Zubair ndi telala. Makina awo opalasa ndi phazi amakhala pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika wa Mangochi. Asanayambe kusoka anaperekera zakudya ku hotela ina ku Makokola zaka zambiri, ndipo kumeneko anatolako zinthu ziwiri: Chingerezi ndi msana wopweteka. Mano awatsalira asanu, ndipo palibe awiri amene amakumana. Komabe m'tauni yonse palibe wogula mtedza mokhulupirika ngati iwo. Mtedzawo amadya adzukulu. Iwo amafuna pepala.

Zinayamba mwangozi. Tsiku lina atafunyulula kapepala ka mtedza anapeza kuti kakunena za chaka cha 1258, pamene asilikali a Amongolo anazinga mzinda wa Baghdad. M'mawa mwake anapita kukapempha kuti agule buku lonse. Abiti Ibrahimu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikugulitseni lero, mawa mudzagula chiyani?" Anapangana kuti ena onse azikulungiridwa m'manyuzi, koma la bukulo, pepala limodzi pa tsiku, likhale la Che Zubair.

Kuyambira pamenepo, wobweretsa thalauza yong'ambika amachoka akudziwa kuti khalifa, mfumu ya Baghdad, anakana kugonja, kuti asilikali ake atatuluka kukamenyana adaniwo anagumula makhwawa a mtsinje madzi n'kuwamiza mu msasa, ndiponso kuti miyala yogumulira linga inkachita kunyamulidwa kuchokera kutali. Mukawafunsa za 1259 amangoti, "Kumeneko sindinafikeko." Mphwawo wina wobwera ku Joni anawaonetsapo foni, nati nkhani yonse ili m'menemo, mphindi imodzi yokha. Iwo anakankha foniyo ndi chala. Chaka chathunthu cha anthu, mphindi imodzi? Nsalu yabwino saidula mothamanga.

Ndipo tsamba 212 linathera pomwe nsanja imodzi ya linga yagwa, khalifa ali mkati, akuganiza zotuluka kapena ayi.

"Anali wa kabaza," anatero Abiti Ibrahimu, chisoni chitawagwira pang'ono. "Wamtali uja, wa chishalo chofiira. Bonface."

Che Zubair anavindikira makina ndi chitenje nauyamba wa kumlatho. Anamupeza Bonface atakhala pa njinga yake pamthunzi, akudikira okwera.

"Tikwere, madala?"

"Mtedza wa dzulo uja, pepala lake unalitaya?"

Bonface anawayang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kumapazi. "Mwayamba kutola mapepala? Usoki wavuta?"

"Muli nkhondo m'menemo."

"Nkhondo ili m'thumba mwangamu, madala." Komabe anatsika, naloza pansi pa chishalo. Chitsulo chake chinkagwedera, ndiye anapinda pepalalo kanayi n'kulitsindira pampatapo kuti chigwire. Kansonga kake kankaonekera, kali ndi girizi.

"Ndikachotsa, chishalo chizivina. Okwera azindinena."

"Bwera nacho chovala cha chishalocho mawa, ndikusokere pong'ambikapo. Lero undigulitse pepalalo."

"Pepala la mtedza?" Anzake a kabaza anali atayandikira kale. Wina anati Bonface akwezeko mtengo, mwina ndi mapu a golide. Wina anafunsa ngati nkhondoyo ili ndi Amalawi. Atamva kuti ayi, anabwerera kunjinga yake.

Anagwirizana pa mtengo wa mtedza umodzi. Bonface anamasula bawuti ndi sipanala, nasolola pepalalo pang'onopang'ono, chifukwa nkhalambayo inkangoti "bwinobwino" pa khutu lake. Litafunyululidwa linali ndi mizere ya girizi ndi kabowo kamodzi pakati, koma zilembo zinalipo.

"Tiuzeni ndiye, wapambana ndani?" anafunsa Bonface.

Che Zubair analitalikitsa, naliyandikitsa, nasisita m'thumba la malaya. Magalasi anawaiwala m'jekete ya kumaliro.

"Mawa, ukabwera ndi chishalo."

Analipinda potsata mapindidwe a Bonface, navula chisoti, naliika mkati, navalanso. Podutsa pamsika Abiti Ibrahimu anawakodola atanyamula tsamba 215 m'mwamba. Iwo anapukusa mutu: limenelo ndi la mawa. Anapitirira wa kunyumba mosafulumira, dzanja limodzi lili pa chisoti chifukwa kamphepo ka mwera kanali katayamba.