Mtengo wa Kaphazi

Mlongo wanga ndi telala. Moyo wake wonse wakhala akusoka mayunifomu m'kachipinda kakuseri kwa sitolo ya penti, ndipo sindinamuonepo akuvina, ngakhale paukwati wake womwe. Ndiye tsiku limene anandiitana kuti ndikamukhomere mtengo wogwirira pakhoma, ati akuyamba kuphunzitsa ana bale, gule woimirira pa zala za kumapazi uja, ndinaseka mpaka kutsamwa. Kenako ndinakumbukira, kuseka konse n'kundithera.

Wovina anali mwana wake. Tinkamutcha Kaphazi, chifukwa chionereni guleyu pa TV sanayendenso ngati munthu: kubafa pa zala, kukagula machesi pa zala. Ankagwira m'mphepete mwa tebulo la makina n'kumakweza mwendo, mayi ake akukalipa kuti amwaza mapini. Matenda ake sanachedwe. Tinamuika m'manda mano akutsogolo asanamerenso.

Mlongo wangayo anapempha chipinda chapamwamba pa sitolo, momwe ankasungiramo zitini. Kavinidweko anakaphunzira yekha pafoni, bondo likulira ngati chitseko chakale. Ine, poti ndine kalipentala, ndinabwera ndi mtengo wopala bwino ndi tepi yanga.

"Tiike msinkhu wanji, achemwali?"

Tepiyo sanaiyang'ane n'komwe. Anatsitsa dzanja n'kuliimika m'malere, ndendende pomwe pankalekezera tebulo la makina lija. "Apa."

"Pafupika apo. Ana amakula."

"Achimwene, mwabwera kudzakhoma kapena kudzalalikira?"

Ndinangotenga hamala n'kukhoma.

Ana anabweradi: amapasa a nesi, mtsikana wa dalaivala wa basi, ndi tina ta mumsewu mwathu. Anawasokera timasiketi ta nsalu zotsala, kalikonse mtundu wakewake, ndipo Loweruka lililonse wogulitsa penti ankadandaula kuti denga limugwera. Anawo ankamukonda, Anti uku Anti uko. Koma ine chipindacho chinkandiopsa, sindibisa. Ndikabwera kudzamutenga ana onse atapita, ndinkamva ndili pamasitepe akuwerengabe pang'onopang'ono, "wani, thuu, wani, thuu." Ndikasuzumira ndinkamupeza ali yekha, maso ali kumapeto kwa mtengo, pafupi ndi zenera, akugwedeza mutu ngati wina wakhoza.

Ana anakula monga ndinanenera. Amapasa aja anatalika ngati akuthamangitsidwa, ndipo kuti agwire mtengowo ankachita kuwerama. Tsiku lina nesi anakwera masitepe ali m'yunifomu yomwe mlongo wanga anamusokera.

"Anti, ana angawa mukuwapinda msana. Usiku akumalira. Mukapanda kukweza mtengowo, ndiwachotsa basi."

Mlongo wanga sanaukweze. Amapasa anasiya, ena n'kutsatira. Ine zinandinyansa, chifukwa maphunziro amenewa ndi omwe anamudzutsa mlongo wanga pamphasa, ndipo ndinkadziwa kuti akatha abwereranso pomwepo. Ndinapita ndi hamala m'manja, nkhope ili gwa.

"Achemwali, mukufuna ana kapena mukufuna mtengo?"

Anapitiriza kupinda kasiketi. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Mukaukweza, iye azigwira pati?"

Ndinatsika masitepe hamala ikundilemera.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana mmodzi yekha, mtsikana wa dalaivala uja. Anabadwa chaka chimodzi ndi Kaphazi, ndipo ankakhala limodzi pabenchi kusukulu. Anawerama, nagwira mtengo, nayamba kukweza mwendo, akuluma mlomo kuti Anti asaone kuti zikumupweteka. Koma mlongo wanga anaona zonse pagalasi. Anazimitsa nyimbo n'kumuuza kuti akandiitane.

Ndinazula mtengowo mlongo wanga ataima chotembenukira kuzenera. Mtsikana uja ndiye anandiimirira kuti ndiyeze. Nditamaliza kukhoma, mlongo wanga anabwera kudzaona ntchito. Dzanja lake linapita lokha pansi, pamalo akale paja, n'kugwira mphepo. Linakhala pamenepo. Kenako analikweza pang'onopang'ono mpaka linakhudza mtengo.

"Eti achimwene, bwenzi pano atafika apa?"

Kaphazi anali wamfupi ngati bambo ake, sakanafikapo. Ndinamuyankha kuti eya, bwenzi atafika.

Nditatulutsa zomatira kuti nditseke mabowo akale aja, anandigwira mkono. Mpaka lero mabowowo alipo pakhomapo, ndipo akamasesa amawapukuta fumbi ndi chala.