Mudzi wa ku France Umene Ndinauloweza

Linali Lolemba la mwezi wa Juni, nthawi itangokwana 6 koloko m'mawa. Basi yaikulu inali itaima pa geti la sukulu yathu ku Bolton, kuno kudziko la Angerezi, injini ikulira, utsi wa dizilo ukusakanikirana ndi fungo la msewu wonyowa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chinali chitangotha chaka chichokereni ku Ntcheu kudzakhala ndi amayi anga, amene anali namwino pachipatala. Kalasi yathu yonse inali pa ulendo wa ku France, kukaona mudzi wina wakalekale. Koma ndiyambe ndi miyezi ya m'mbuyo, poti mtima wanga unali utafika kale kumudziko thupi lisananyamuke.

Kuyambira pa Isitala aphunzitsi athu, a Misisi Dawson, sankatiphunzitsa china koma mudzi umenewo. Dzina lake ndimatha kulitchula, koma kulilemba sindinadziwepo. Anamata zithunzi khoma lonse la kalasi. Unali mudzi waung'ono pamwamba pa phiri, wozunguliridwa ndi linga la miyala, ndipo chipata chake chinali chimodzi chokha, chimene kale ankachitseka dzuwa likalowa. Timisewu take tinali topanikiza moti ngolo ziwiri sizikanapatukirana. Munali tchalitchi cha miyala yokhayokha chimene chaima zaka mazanamazana, ndi ng'anjo imodzi ya mudzi wonse, chifukwa mwini dziko wa nthawi imeneyo ankaletsa anthu kuphika buledi kunyumba kwawo. Tinaphunzira za mliri umene unapha anthu mpaka kusowa okumba manda, ndi za nkhondo imene adani anazinga lingalo chilimwe chonse koma osalowa.

Mwana aliyense anapatsidwa malo ake m'mudzimo oti awaphunzire, awaumbe, ndipo tikakafika akaime patsogolo pake n'kufotokozera anzake. Anyamata analimbirana nsanja ndi chipata. Ine, poti Chingerezi changa chinali chokhota ndipo sindinkakweza dzanja, ndinatsala ndi chimene onse anachikana: kasupe wa kumunsi kwa mudzi, mkati mwa linga, pamene akazi ankatunga madzi ndi kuchapa. Mtsikana wina dzina lake Gemma anaseka n'kunena kuti andipatsa bafa.

Nyumba yathu inali imodzi mwa zija za njerwa zofiira, zogundana makoma msewu wonse, yonunkha chinyezi ndi kapeti yakale. Amayi ankabwera kuchokera ku shifiti mapazi atatupa, n'kuwaviika m'beseni la madzi otentha pafupi ndi hita. Tsiku lina ndinawaonetsa chithunzi cha kasupeyo misozi ili mbwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Tiyamike, ukulira chiyani? Si padambo apa?" anatero. "Taona mmene mwala uwu unakumbikira. Awa ndi maondo a azimayi. Azungu nawonso ankagwada eti!"

Anaseka mpaka madzi a m'beseni anatayikira pa kapeti.

Kuyambira pamenepo ntchito ija inakhala ya anthu awiri. Buku linkanena kuti akazi a m'mudziwo ankachapa ndi phulusa, ndipo a Misisi Dawson sankadziwa kuti zinkatheka bwanji. Amayi ankadziwa. Anatentha timitengo m'chitini kuseri kwa nyumba, anasefa phulusalo pa kansalu monga amachitira pocheza chidulo, n'kundiuza kuti ndigwire madziwo ndimve kuterera kwake. Dongo tinakakumba m'mphepete mwa ngalande ina, tikuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Anandiphunzitsa kulikanda, kuchotsamo timiyala, kuumba masitepe atatu otsikira kumadzi ndi kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Ndiwonso anandiuza chinthu chimene m'buku munalibe.

"Pa nkhondo ija ukuganiza kuti anawapulumutsa ndi asilikali? Ndi madziwa. Kasupe akanakhala kunja kwa linga, sakanatha masiku atatu."

Ndinazilemba pa pepala langa, ndipo a Misisi Dawson anandipatsa nyenyezi yagolide, yoyamba chibwerereni m'dziko muno. Anawerengera kalasi yonse, ndipo ngakhale Gemma anayamba kukhala pafupi nane. Mawu onse ndinawaloweza, tsamba limodzi ndi theka. Ndinkawanena pokwera masitepe, posamba, popita kukagula mkaka. Ndinkadziwa mudzi uja kuposa msewu umene ndinkakhala.

Tsono m'mawa uja amayi anandiperekeza atavala yunifolomu mkati mwa jasi, poti ankalowa ntchito 7 koloko. Anali atandikazingira mandazi, ndipo ankafunda m'chikwama kumsana kwanga. A Misisi Dawson anaima pakhomo pa basi akutolera mapasipoti. Onse anali ofiirira, ofanana. Atafika pa yanga ya ku Malawi anaima, anaitembenuza, anatsegula masamba onse mpaka kumapeto, nkhope yawo ikusintha. Analowa mu ofesi kukaimba foni. Anzanga anali atakhala kale pa mawindo, Gemma akundikodola poti anali atandisungira malo. Atatuluka anatiuza kuti popanda viza sakandilola kulowa m'dziko la France, ndi kuti panalibe chimene akanachita m'mawa umenewo.

Ndinayang'ana amayi. Pakamwa pawo ndinkapadziwa. Ku Ntcheu munthu sankawayankha kawiri. Ndinadikira kuti alankhule. Anapinda manja kutsogolo, anawerama pang'ono, n'kunena motsitsa mawu, "Sorry, madam. Sorry for the trouble."

Iwo kupepesa! Dalaivala anatulutsa sutikesi yanga kunsi kwa basi n'kuiika pamsewu. A Misisi Dawson anapempha pepala langa kuti wina akaliwerenge m'malo mwanga. Ine ndinalifumbata, ndipo amayi ndi amene anatambasula zala zanga chimodzichimodzi n'kuwapatsa. Makolo a anzanga ankayang'ana kumbali. Basi inanyamuka, ife tili chiimire ndi sutikesi pakati pathu.

Sabata imeneyo anandiika m'kalasi ya tiana, ndikusongola mapensulo. Anzanga atabwerako, pakhoma anamatapo chithunzi cha Gemma ataima pa kasupe wanga, pepala langa lili m'manja mwake. Anandiuza mokoma mtima kuti madzi ake anali ozizira kwambiri, ndi kuti miyala ija inalidi yokumbika. Bola akanandiseka ngati poyamba paja.

Mkwiyo wanga wonse ndinautula pa amayi. Chilimwe chonse sindinawayankhe m'Chichewa. Akati, "Tiyamike, wadya?" ine ndinkangoti, "Yes." Ndinkadziwa kuti zikuwapweteka, n'chifukwa chake ndinkachita. Choumba chathu chija ndinachiponya mu bini iwo akuona. Mtima wa sukulu unandichokera chaka chimenecho. Ndinangopirira mpaka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kusiya wopanda pepala lililonse. Amayi ankafuna kuti ndidzaphunzire kuwaposa, ndipo ndikuganiza kuti kusiya sukuluko nakonso kunali kuwalanga.

Zoona zake ndinazimva mochedwa, pa maliro awo chaka chatha, kwa a Nambewe, mnzawo amene ankagwira nawo ntchito mu wodi imodzi. Amayi anali atapita ndi pasipoti yanga ku ofesi ya sukulu kawiri konse, kukafunsa ngati pakufunika china, ndipo anawauza kuti zonse zili bwino. Panali fomu imodzi imene sukuluyo inayenera kulemba ya ana a mapasipoti akunja, koma palibe amene anaikumbuka. Ndipo mwezi womwewo mapepala awo okhalira m'dziko muno anali kuboma, akudikira yankho.

"Mwanawe, masiku amenewo tinkaopa ngakhale kutsokomola mu basi," anatero a Nambewe. "Tsiku lija amayi ako analowa ntchito maso ali psuu. Titawafunsa anati ndi chimfine."

Ndili mwana ndinaona mayi wamantha amene anandipereka pamaso pa anthu. Lero ndikuona mayi amene anameza mawu poopa kuti tingabwezedwe tonse awiri. Kudziwako sikunachotse kuwawa, kunangokusunthira pena. Kumudzi kuja amasamala mwala uliwonse, ndipo anthu amachokera kutali kukaona pamene akazi osadziwika mayina ankagwada. Amayi anga anawerama pa geti la sukulu chifukwa cha kulakwa kwa ena, ndipo palibe amene anawapepesa, ngakhale ine mwana wawo. Ndinali ndi zaka zambiri zoti nditero. Tinkadyera limodzi, tinkapita kutchalitchi limodzi, koma za Lolemba lija sitinatchulepo.

Ku France sindinapondeko, ndipo sindikufunanso. Ndimagwira ntchito m'khitchini ya nyumba yosamalira okalamba, masiku asanu pa sabata. Loweruka ndimakwera basi kupita kumanda, ndimazula udzu, ndimasesa, kenako ndimabwerera kunyumba.