Tsiku Limene Atate Anayenda Kumbuyo Kwanga

Atate anga sadziwa kuyenda ndi anthu. Mukanyamuka nawo pakhomo, pofika pa mtengo wa mango wa aneba mumangoona msana wawo ukuchepa. Amai amati nkhope ya atate amaiona pa nthawi ya kudya pokha, koma nkhongo akhoza kuijambula atatsinzina. Ku tchalitchi atate amafika zitseko zisanatsegulidwe, ife timafika kwaya ili pakati pa nyimbo yolowela. Iwo amati si mlandu wawo. Anali mlangizi wa zaulimi ku Sandwe, kumene njinga yamoto ya kunchito inkangokhalila kufa, ndipo munthu woyenda mwaulesi pakati pa midzi ankakumana ndi njovu.

"Aphunzitsi anga a kayendedwe anali ndi minyanga," amatelo.

Ine ndine mzime, ndipo sindinawatengele. Ndimayenda ngati ndasenza mazila m'mbale. Ndimaopa kuphana maso ndi anthu, ndipo ndikaona gulu la anyamata pa msika ndimadzela kuseli kwa chigayo. Zimene ndalephela kunena masana ndimazilemba m'kabuku kanga, ndipo nkhani iyi inadya masamba ambili.

Atate atapuma pa nchito chaka chatha, tinakhazikika kuno ku Nyimba. Alongo anga aakulu, amene amagwila ku migodi, anawafunsa mphatso imene angakonde. Tonse tinkaganiza kuti atchula ng'ombe kapena malata. Iwo anati akufuna kukwela phili la Kilimanjaro ku Tanzania, lija la ayezi pamutu, limene analiyang'ana zaka zambili pa kalendala yakale ya mu ofesi yawo. Alongo anga anapeza anthu otsogolela alendo kumeneko, n'kutumiza pa foni maulendo awili kuti atate asankhepo. Woyamba unali wa njila yaifupi: kukwela msanga, kutsika msanga, kenako masiku ambili m'galimoto kuona mikango ndi mbidzi. Wachiwili unali wa njila yaitali yozungulila, yogona m'matenti mpaka kutopa nawo, nyama n'kungoziona pang'ono pomaliza.

"Yaifupi," anatelo atate asanamalize n'komwe kuwelenga. "Phili si apongozi kuti uzilizungulila."

Patapita masiku, wotsogolela mwiniwake anaimba foni ija yoonana nkhope. Tinaiimika pa botolo la shuga, ine ndinabisala kumbuyo kwa mpando wa amai kuti asandione. Anali bambo woseka, wolankhula Chingelezi modekha. Anati kumwamba mpweya umachepa, choncho thupi limafuna kuzolowela pang'onopang'ono. Amene amadwala msanga si ofooka ayi, koma amphamvu ofulumila. Mutu umawapweteka, amasanza, ndipo amawatsitsa pa machila a tayala limodzi. Lamulo lalikulu ndi lakuti palibe wopitilila wotsogolela.

"Ngakhale akuchedwa?" anafunsa atate.

"Kuchedwako ndiye nchito yake, bambo."

Foni itaduka, amai anapukuta manja pa chitenje. "Mwamva, atate ake ana? Tayala limodzi. Imeneyo ndi wilibala. Munthu wolemekezeka ngati inu kubwela pa wilibala ngati thumba la feteleza."

"Ine sindinadwalepo chifukwa choyenda."

"Inu simunayendepo kumbuyo kwa munthu."

Amai anali kuseka. Ndipo anaika lamulo lawo. Pa Chiwelu, tsiku lopanda sukulu, atate ayende kuchoka pakhomo mpaka pa kaphili kali kuseli kwa msika, kumbuyo kwa munthu wochedwetsetsa wa m'banja lathu. Akampitilila ngakhale kamodzi, za phili zathela pomwepo, akangoona nyama ali khale m'galimoto. Akapilila, asankhe okha njila imene afuna.

Onse awili anatembenukila kumbuyo kwa mpando.

"Mwana uyu sanama," anatelo amai. "Adzandiuza yekha."

Chiwelu m'mamawa amai anakwela njinga yamoto kukatiyembekeza patsinde pa kaphiliko, chifukwa maondo awo ndi ovuta. Atate anati ayesele pomwepo zovala za kuphili zimene anagula pa salaula, pogulitsa zovala zakale, ku Petauke: chijekete chakuda chofika m'maondo, chisoti chaubweya, ndi nsapato zolemela ngati njelwa. Kunja kunali kutentha kale. Ine ndinamanga chitenje chakale cha amai, chakuda ndi mawanga ofiilila, poganiza kuti chidzandibisa.

Tinanyamuka. Kumbuyo kwanga ndinkamva ngati lole ikutsika mtunda ndi mabuleki okha. Atate ankaponda kawili, kuima, kupuma mwamphamvu, kupondanso. Dzuwa linali kumsana kwathu, choncho chithunzithunzi chawo chinkandipitilila n'kukagona kutsogolo.

"Mzime," ananong'ona, "chithunzithunzi sichiwelengedwa, eti?"

"Sichiwelengedwa, atate."

"Nanga waimilanji?"

"Pali linthumbu likuoloka."

"Lidumphe, mwana iwe! Lidumphe!"

Woyamba kutiona anali bambo wokonza njinga pa kona. Iwo amadziwa atate ngati mphepo imene imadutsa m'mawa uliwonse n'kusiya moni m'mbuyo. Ataona munthu yemweyo akukwawa, atavala zakuda, maso ali pansi pa zidendene zanga, anaika sipanala pansi.

"Bambo, kwagwanji?"

Atate anachita manyazi kunena kuti akazi awo akuwayesa mayeso. Anangopukusa mutu n'kuusa moyo. Thukuta linkatsika m'masaya mwawo kuchoka m'chisoti chija. Ndinamva bambo aja akuti, "Aa, pepani, pepani," kenako mapazi ena anawonjezeka kumbuyo kwathu.

Pa msewu waukulu, pamene azimai amagulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi, zinthu zinaipilatu. Amai ena achikulile, amene amatipatsa nthochi yapamwamba tikagula, anasiya dengu lawo n'kudzandigwila dzanja.

"Limba mtima, mwana wanga. Tonse ndi njila yomweyo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti palibe chagwa. Mawu anakana. Azimai onse anali kundiyang'ana, ndipo manyazi akandigwila kwambili maso anga amadzaza misozi. Misozi imeneyo ndiyo inasaina nkhani yonse. Ndinamva madengu akuvundikilidwa ndi zitenje zikumangidwanso. Mnyamata wina wa pa njinga anatsika n'kuyamba kuikankha. Wina anafunsa kuti ndani watisiya, wina anayankha kuti tikamva komweko.

Sindinacheuke. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuwaona, mwina achoka. Koma titadutsa msika, mawu amodzi aakazi anayamba pansipansi nyimbo ija timaimba popelekeza malilo, ndipo anthu anaivomela bwino kwambili, ndi mabesi omwe. Kayendedwe kanga kanagwilizana nayo ndendende.

"Atate," ndinanong'ona, "auzeni."

"Ndiwauze chiyani? Yenda, tatsala pang'ono. Uwauze ndiwe, pajatu ndiwe wotsogolela."

Titakhota pa munda womaliza, tinaona amai patali, atakhala pansi pa mtengo ndi ambulela ndi chigubu cha maheu. Anaimilila. Anaika dzanja pamphumi. Anaona amuna awo atavala zakuda, mwana wawo akulila, ndi khamu likuimba m'mbuyo. Ambulela inagwa.

"Mayo ine! Ndani? Ndi mwana wanga wa ku migodi?"

Anakhala pansi mwadzidzidzi, manja ali kumutu. Kulila kwawo kunatifika pamwamba pa nyimbo. Atate anakuwa kuti palibe, palibe, koma oimba atamva kulila kwa amai anakweza mawu. Ndinamva nsapato zolemela zija zikupondaponda malo amodzi, kumanzele kwanga, kumanja kwanga, ngati mbuzi yomangidwa. Akanafuna, akanafika kwa amai ine ndisanaphethile. Koma kutelo kunali kundipitilila.

"Mzime, thamanga!"

"Atate?"

"Thamanga kuti nane ndithamange! Amai ako akomoka!"

Sindinathamangepo pamaso pa anthu. Pa masewela a kusukulu ine ndi amene ndimasunga majuzi a anzanga. Koma tsiku limenelo ndinakwinya chitenje n'kuliyatsa. Atate ankathamanga kumbuyo kwanga timasitepe ting'onoting'ono, maondo m'mwamba, akukuwa, "Wonjezela moto! Ndikuponda, mwana iwe, wonjezela!" Khamu nalo linayamba kuthamanga, nyimbo ikuduka zidutswazidutswa. Amai ataona malilo akuwathamangila, analila koposa.

Ndinafika n'kugwada patsogolo pawo. Sindidziwa kumene mawuwo anachokela, koma anatuluka aakulu moti mbalame zinauluka mu mtengo.

"Palibe wamwalila! Atate akuphunzila kuyenda!"

Nyimbo inaima. Wina kumbuyo anamalizitsa yekha mzele wa nyimbo, n'kutsokomola.

"Kuphunzila kuyenda?" anatelo amai a nthochi aja, akupuma wefuwefu. "Bambo wa imvi? Ine ndasiya dengu, basi ya ku Lusaka yandidutsa, kupelekeza munthu wamoyo?"

"Ine ndatseka ndi shopu yomwe," anatelo wokonza njinga, chisoti chili m'manja. Anayang'ana atate kuyambila kumutu mpaka ku nsapato, kenako anagwa pa udzu ndi phwete. Anthu anaseka mpaka ena kugwilana mapewa. Ndinaona atsikana awili a m'kalasi mwanga pakati pawo, ndipo ndinalakalaka linthumbu lija litandinyamula.

Amai sanaseke msanga. Anatola ambulela, anakwapula nayo chijekete cha atate kawili, fumbi la salaula n'kutuluka. Kenako anapukuta maso n'kunditembenukila.

"Anakupitilila?"

"Iyayi, amai. Chithunzithunzi chawo chokha."

Maheu anamwa ndi olila malilo, chifukwa amai anati sangabweze anthu kukhosi kouma. Ambili anabwelela ku msika akukambilana mokweza. Ife tinakwelabe kaphili kaja, ine patsogolo, amai pakati ndi maondo awo, atate pambuyo atanyamula chigubu chopanda kanthu. Tinkaima pafupipafupi, ndipo atate sanadandaule. Pamwamba tinafika tonse atatu nthawi imodzi. Amai anati chikwatilane chawo, aka kanali koyamba kufika pamalo pamodzi ndi amuna awo.

Tinakhala pa mwala. Pansi pankaoneka msewu waukulu, madenga a malata, ndi minda ya nthochi m'mbali mwa mtsinje. Atate anavula chisoti n'kuchifinya.

"Mwapambana," anatelo amai mosafuna. "Sankhani yaifupi yanuyo."

Atate anayang'ana maso a amai amene anali akadali ofiila.

"Kulila kuja sindifuna kukumvanso," anatelo. "Muuzeni mwana wanu wa ku migodi kuti ndasankha yaitali."

"Nanga mikango? Nanga njovu?"

"Njovu ndinaziona kale. Nazonso zinandiona."

Atate anapitadi ku Kilimanjaro, patatha miyezi ingapo. Anabwela ndi mapazi awo, milomo itang'ambika, mphuno ikusupuka ngati mbatata yootcha. Anati usiku womaliza mutu unawapweteka ndithu, ndipo anaona mnyamata wina wamphamvu akutsitsidwa pa tayala limodzi lija. Iwo ankangoyang'ana zidendene za wotsogolela, n'kumadziuza kuti kutsogoloko kuli linthumbu likuoloka. Nyama anaziona pang'ono, ndipo pa zithunzi zambili za m'galimoto ali mtulo.

Sindinganene kuti anasintha kwenikweni. Pa Sondo amanyamukabe ngati athamangitsidwa. Koma masiku ano akafika pa mtengo wa mango wa aneba amaima, n'kumapondaponda malo amodzi mpaka ine ndi amai tifike. Wokonza njinga akawaona ataima choncho amavula chisoti, n'kufunsa ndi nkhope yachisoni ngati aitane a kwaya.