Thirela ya Eni Ake Inkagwira Yokha

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga amene ankakazinga chipisi pa mzere wa mathiraki ku malire a Mwanza. Ndinali nditamaliza kosi ya umakaniko koma ndinkangolima maganyu kwa Kanduku. Iye atamva kuti bwana wina wa mathiraki akufuna munthu pa galaja, anandikokera komweko.

Bwanayo anali ndi mahosi okha, mitu ya mathiraki ija yokhala ndi injini. Mathirela ankachita kubwereka ku kampani ina. Foromani wake, a Dyson, ndi amene anandiphunzitsa kuyeza mabuleki a mpweya. Umatchinga matayala, kulumikiza paipi yofiira ndi yachikasu, n'kulola injini idzaze matanki. Kenako geji yoyezera mpweya imodzi pa chemba, kathanki kokankha mabuleki, ya hosi, ina pa chemba ya thirela, dalaivala n'kumaponda pang'onopang'ono. Mivi ya mageji awiriwo iyenera kukwerera limodzi. Ukatsogola wa thirela, ndiye kuti thirela ikuimitsa yokha katundu yense, ndipo pamtsetse wautali imatentha mpaka kusiya kugwira.

Panali dalaivala wachikulire, a Fernando, amene makolo awo anachokera ku Zobue nthawi ya nkhondo. Thirela yawo inkafuka utsi ulendo uliwonse potsikira ku Zalewa, ndipo bwana anali atawachenjeza kuti ikapsanso, ntchito yatha. Ankawanena kuti ali ndi phazi lolemera.

Tsiku lina a Dyson atapita ku boma, a Fernando anandipempha kuti ndiwayezere. Atangokhudza pedulo, muvi wa thirela unalumpha, wa hosi uli gone. Ndinapaka madzi a sopo m'mapaipi monse kufuna potuluka mpweya, osapeza kanthu. Nditakwawira pansi pa hosi ndinaona valavu imene imatumiza mpweya ku thirela. Yonse inali fumbi lokhalokha, koma kabawuti kake kosinthira kanali mbee, zipsera za sipanala zili poyera.

A Dyson anandipeza ndili pomwepo. Sanachite n'komwe manyazi.

"Tasiya zimenezo iwe. Malayiningi a mabuleki a hosi amagula ndi bwana, a thirela amagula eni ake."

Ndinapsa mtima. Anthu awa anapotoza dala valavu kuti mabuleki awo asamathe, n'kumamutukwana bambo wa eni pamaso pa anzake, akudziwa bwinobwino kuti alibe mlandu. Ndinati ndibweza kabawuti kaja pamalo pake. Iwo anandilanda sipanala, nati ndivule ovolosi ndizipita.

Ndinavuladi, koma ndinadzera ku kabini n'kuwauza a Fernando zonse. Ndinkayembekeza kuti atsika n'kuponya makiyi. Anangoyang'ana matumba a feteleza amene anali atapakira kale.

"Ndikakana, mawa pampando pano pakhala wina," anatero. "Ana anga adya chiyani, achimwene?"

Ananyamuka. Ndinamva pambuyo pake kuti anatsika ndi giya yaing'ono, mosamala ndithu, komabe matayala a thirela anayaka ndipo anakaimira m'ngalande. Anatuluka amoyo. Bwana anafalitsa pa malire ponse kuti Fernando amaotcha mabuleki, ndipo ine ndikamafotokoza za valavu ija, anthu ankati ndi mkwiyo chabe wa munthu wochotsedwa ntchito. Palibe anawalembanso ntchito a Fernando.

Lero ndikamayeza, ndimagwiritsa ntchito mapaipi aatali n'kupachika mageji onse awiri pa galasi la kabini, kuti woponda aone mivi ndi maso ake. Mwini thiraki akakana, ndimalongedza zida zanga, chifukwa wotsika phiri si iyeyo.

A Fernando ndimakumana nawobe. Amakankha njinga ya makala kuchokera kwa Nthache, kudutsa mzere wonse wa mathiraki, ndipo madalaivala achinyamata amakodolana n'kumati ndi mdala uja sankadziwa kuponda buleki.