Mwaka Awiri M'sitima Imodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala. Ndinali nditaphunzira taipi ku mishoni, ndiye malume atamva kuti sitima yolondera pa nyanja ku Chilumba yalandira kompyuta, anandiperekeza konko. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene pakamwa pankamangitsa munthu.

Bwana wanga anali a Kachingwe, dokotala wa m'sitimayo, ochokera ku chigawo chapakati. Ntchito inali kutenga makadi a chipatala a antchito onse a m'sitimamo, kutaipa dzina ndi nambala ya matenda, kusunga pa disiketi, kenaka kusindikiza lipoti lopita ku likulu. Koma malo a dzina ankalola zilembo zisanu zokha. Kwa a Banda ndi a Phiri zinali bwino. Kwathu kuno mayina ndi aatali ngati msewu.

M'sitimamo munali a Mwakalinga, omwe anali atayamba kudwala khunyu, ndi a Mwakasoko, bambo wamphamvu wosadziwa n'komwe kukoma kwa asipirini. Pa galasi la kompyuta onse anatuluka MWAKA. Likulu litayankha kuti Mwaka wa khunyu atsike m'sitima, a Kachingwe anangoloza amene anali pafupi, a Mwakasoko.

Bamboyo anabwera kwa ine chipewa chili m'manja, n'kunditcha mlongo m'chilankhulo cha kwathu, akunenetsa kuti ali bwinobwino. "Dumbu, ine nili makora. Uzani makinawo." Ndinapita kwa bwana ndi makadi onse awiri, n'kuwauza kuti wodwala weniweni akukokabe zingwe m'mphepete mwa sitima. Sanawayang'ane n'komwe.

"Iwe mtsikana, makinawa ndi mphatso ya boma. Ukuti boma lalakwa?"

Ndinapitanso mawa lake, ndipo anandifunsa ngati makolo anga ali ndi makadi a chipani. Ndinamva, ndipo ndinadana nawo kuchokera pansi pa mtima.

Tsiku lina masana, mwera ukuwomba, a Mwakalinga anagwidwa ndi nthenda yawo ali ndi chingwe m'manja, n'kugwera m'madzi. Asodzi a ku Sangilo ndiwo anapeza mtembo. A Mwakasoko sanawaitanenso, chifukwa kuwaitana kukanakhala kuvomera.

Titabwerako ku maliro, a Kachingwe anaima kumbuyo kwanga akutafuna mtedza. "Fufuta mmodziyo. Waona? Tsopano makina sasokonezanso."

Ndagwira ntchito m'zipatala zambiri kuchokera pamenepo. Odwala amadandaula kuti ndimachedwetsa mzere, koma sindisiya munthu asananene dzina lake lonse, mpaka chilembo chomaliza.